Muvi wa Pakati

Minibasi ya bambo anandisiyira ndi fungo lawo lomwe,
la girisi ndi masamba a koka,
ndi kamuvi kamodzi pa dashibodi
koima pakati njo,
osapendekera kozizira, osayandikira kofiira.
Pokwera chitunda chochokera ku La Paz,
anthu khumi ndi anayi kumbuyo, injini ikubuula,
iko kali pakati.
M'bandakucha chisanu chitamata galasi,
ndikangodutsa mphambano ziwiri,
kafika kale pakati.

Bambo analinso otero.
"Mwadzuka bwanji?"
"Bwino, Eulogia, bwino."
Mpaka Lachiwiri lija anakhala pansi pakhomo
nalephera kumasula zingwe za nsapato zawo.

Ndiye Loweruka sindinapite kukanyamula anthu.
Ndinatsegula boneti injini ili zii,
a Zenón Tarqui a kuseri kwa mpanda
anandiponyera sipanala ndi malangizo osapempha:
"Mangirira waya wina ku chitsulo cha galimoto,
apo ayi sensayo ikhala duu ngati mwala."
Inatuluka yaing'ono ngati chala changa chakumapeto,
yadzimbiri kumutu, ikudontha madzi obiriwira.

Ketulo ya tiyi pa kasitovu ka gasi,
kasitovu pa njerwa ziwiri pafupi ndi tayala.
Sensa ikulendewera m'madzi, osakhudza pansi,
pambali pake choyezera kutentha
chimene mayi ankapangira tchizi.
Wilmer, mwana wa mchimwene wanga,
wobwera dzana kuchokera kuzigwa za Santa Cruz,
milomo yosweka, mutu ukumuwawa ndi mphepo yathu yopyapyala,
ndinamukhazika pachiwongolero, kiyi atatembenuza.
Ine ndiwerenge manambala, iye ayang'ane muvi.

Madigiri 40.
"Wagona!"
50.
"Wayamba kudzuka, azakhali!"
60 ndi pang'ono.
"Wafika pakati!"
70, 78, 83,
mwana uja chete.
Ndinafuula, "Nanga pano?"
"Pakati pomwepo."

Pa 87 madzi anayamba kubwata, bwatabwata,
chivindikiro chili pansi, nthunzi kumaso kwanga,
nambala osakweranso.
Wilmer anatsika kudzaona yekha:
"Chafa ichi. Kusukulu anati madzi amawira pa 100."
A Zenón anaseka mpaka kutsokomola.
"Kwanu kumunsiko, mnyamata.
Kuno ku El Alto mpweya ndi wopepuka,
madzi sadikira, amapsa mtima msanga."

"Nanga muviwu?" ndinafunsa.
Anapukuta manja pa ovolosi, osathamanga.
"Sunafe. Anaupanga choncho dala,
kuti woyendetsa asamadzidzimuke ndi kalikonse.
Umasuntha zinthu zikathina kale."

Ndinazimitsa gasi.
Ndinaima nthawi yaitali ndi kachitsulo kotentha m'nsanza,
ndikuganiza za nsapato zija,
ndi zaka zingati zimene madzi ankawira m'chifuwa mwawo
nkhope ili pakati.

Lamulungu pamsika waukulu,
pakati pa ogulitsa matayala akale ndi zipewa,
ndinagula geji ya manambala, yotchipa, ya nyali yobiriwira.
Ndinaimangirira pansi pa wailesi ndi mawaya awiri.
Ilibe ulemu ngakhale pang'ono.
Pamalo oimira imati 84,
pachitunda 91, 94,
tikatsekeredwa kumbuyo kwa lole imati 98
ndipo m'mimba mwanga mumachita thuu.
Ndimatsegula hita, anthu nadandaula,
ndimamva fani ikulira, nambala nibwerera mwaulesi.

Muvi wakale sindinauchotse.
Ukadali pamenepo, ukundiuza kuti zonse zili bwino,
ndipo masiku ena ndimaufuna.

Dzulo usiku ndikuwerenga makobidi patebulo
Wilmer analowa ndi buledi.
"Mwaswera bwanji, azakhali?"
Liwu lija la bambo linafika kale pamilomo.
Ndinalimeza.
"Msana ukuwawa," ndinatero,
"ndipo ndawasowa agogo ako.
Ikapo ketulo."